Kachingwe kofiira ka m'chiuno mwa mwana

Mwana wanga atakwanitsa miyezi iwiri, bambo anga anapalasa njinga kuchokera ku Chanyanya kudzamuona, nsomba zouma zili pakaliyala. Ine ndinali kumsika kogulitsa tomato, mwana ndinamusiyira mlamu wanga. Pobwerako ndinapeza bambo atamumanga kachingwe kofiira m'chiuno.

Kutchalitchi kwathu amatiphunzitsa kuti tizingwe totere ndi khomo lolowera ziwanda. Ine ndiye wamtima wapachala. Ndinakadula ndi lumo n'kukaponya pambaula, bambo akuona. Anatola chipewa chawo n'kumapita, chakudya osachilawa.

Anatha miyezi inayi osaponda pakhomo panga. Ndinasala kudya, ndinawapempherera mpaka mawu kusasa, ndinawatumizira mavesi pafoni, chikhalirecho munthuyo kuwerenga kumamuvuta. Kenako ndinangotopa. Ndinatopa n'kukhala wolungama ndekhandekha, mwana akumera mano agogo ake osawaona, ndiye kholo lomwe ndatsala nalo ndi lomwelo.

Loweruka lina ndinapita. Ndinawapeza pamthunzi akusoka ukonde. Ndinakhala pabwato lovundikira, ndipo mphamvu zolalikira ndinalibe, choncho ndinangofunsa za kachingwe kaja.

"Batate, kenze ka chani kantambo kaja?"

Anasoka kaye maso awiri a ukonde.

"Munalibe mankhwala muja. Bamai bako ndiye banapota ku chipatala na ulusi wa chitenge chao, pamene banaziba kuti mimba yako sibazaiona kumasuka. Kakayamba kuthina, uziba kuti mwana akula. Bakulu bako babili banafa kantambo kali kuvuka keka m'chiuno."

Mayi anamwalira ndili ndi pakati pa miyezi isanu, ndipo chinthu chomaliza chimene manja awo anapanga ndinachiwotcha ndine.

"Ine nikamba kuti bamai bako bamuona mwana," anatero bambo. "Iwe ukamba kuti bakufa sibaona. Apo sitizamvelana."

"Sitizamvelana, batate. Koma nenze kufunika kufunsa."

"Na ine nenze kufunika kukuuza poyamba."

Ndinawagwirira ukonde kuti usapotane. Manyazi anandigwira, chisoni chinandipweteka, koma sitinakangane.

Loweruka lotsatira njinga inaima pakhomo. Kachingwe kena sanabweretse, inenso sindinatsegule Baibulo. Anamunyamula mwana, n'kuzunguliza zala zawo zong'aluka ndi ukonde m'chiuno mwake, ndipo zala sizinakumane.

"Akula," anatero chapansipansi. Sankauza ine koma malemu mayi, ndipo ndinawasiya.