Anakuloza Ndani?

Chaka chimene mwana wanga woyamba anamera mano, ansembe a pamishoni yathu kufupi ndi Kasenengwa anabwera ndi bayisikopo kuchokera kwawo ku Jeremani. Inali nthawi ya Chitaganya. Mwamuna wanga anali ndi khadi la chipani, ndipo apolisi a ku Boma atayamba kutola anthu, anakabisala kwa malume ake ku Madzimoyo. Aliyense wofunsa ndinkamuuza kuti ali ku Migodi.

Ansembe anaonetsa bayisikopoyo masana m'kalasi mwanga, mawindo titatchinga ndi mabulangete. Popeza ndinali ndi satifiketi ya uphunzitsi, ansembe anati iwo azindinong'oneza m'Chingerezi, ine ndizimasulira anthu. Ndinaima pambali pa makina, mwana kumbuyo, thukuta lili kamukamu.

Poyamba anthu anaseka. Pakhoma panaoneka mzinda wogumuka wonse, azimayi achizungu atandandalika akupatsirana njerwa.

"Taonani adona akugwira chibalo!" anakuwa mayi wina. "Kukiboyi wathawa kodi?"

Kenaka panabwera mayi wowonda, wanyamula kasutikesi. Ankagogoda khomo ndi khomo. Ansembe anati mwamuna wake anatengedwa ndi apolisi nkhondo ili mkati, sanabwerenso, ndipo akufunsa anansi kuti anamuloza ndani. Ndinamasulira. Khomo loyamba: sitikukumbuka. Lachiwiri: tinali kudwala. Lachitatu anampatsa tiyi, namufunsa za ana.

Kuseka kunatha. Pabenchi lachiwiri panakhala mnansi wathu wosoka zovala, amene anthu ankanong'ona kuti ndi kapirikoni, kazitape wa boma. Umboni panalibe. Ndiye anasokera mwana wanga kadiresi ka ubatizo, osalandira kanthu.

Mdala wina amene anamenya nawo nkhondo anakweza mawu. "Bambo mfumu, nanga inu munali kuti pamene ankatengedwa anthuwa?"

Ansembe anayang'ana makina awo. "Ndinali wamng'ono," anatero m'Chinyanja. Imvi zinali mbuu m'mutu mwawo. Palibe anatsutsa.

Mayi uja sanampeze woloza mwamuna wake. Bayisikopo inatha akupatsirana njerwa ndi anansi omwewo. Chinandiopsa ndi chimenecho, osati mabwinja: kuti zikadzatha zathuzi, tidzatungabe madzi pachitsime chimodzi, aliyense atayiwala.

Tikuchotsa mabulangete, wosoka uja anandiyandikira, nagwira kaphazi ka mwana.

"Mwamasulira bwino, aphunzitsi. Azungu nawonso ali ndi mavuto, eti? Nanga kamtsikanaka kakukula bwanji! Abambo ake adzakapeza katayamba kuyenda." Anamwetulira. "Mukawatumizira mawu muwauze malaya awo ndatha. Kapena ndingopatsira wa lole wopita ku Madzimoyo?"

Ndinati zikomo. Ndinagwada pang'ono monga mwa ulemu, ndinalimbitsa nsalu ya mwana, ndinatuluka. Sindinapite kunyumba. Ndinalowera njira yachidule ya ku Madzimoyo yodutsa m'minda ya thonje, ndikuyesetsa kuti ndisathamange anthu akuona.