Mchere wa M'chigwada

Amayi atamwalira ndinakulira kwa agogo, m'munsi mwa phiri la Mulanje, mbali ya ku Phalombe. Sindinali wolankhulalankhula. Ntchito yanga inali kuphika, ndipo ndinkaikonda chifukwa kukhitchini munthu amamva zonse popanda womufunsa kanthu.

Chaka chimene ndinatha msinkhu, amalume anabwera kuchokera ku Blantyre ataonda, akutsokomola. Pa wailesi ankanena za Edzi tsiku lililonse, koma pamudzi pathu dzinalo silinkatchulidwa. Mng'ono wawo wa agogo, amene tinkawatcha agogo aang'ono, anapeza dzina lina.

"Ndi tsempho ili, achemwali. Mtsikanayu amathira mchere m'ndiwo ali kumwezi. Akukudulirani mwana inu mukuyang'ana."

"Nanga si wabwera akudwala kale?" agogo anafunsa.

"Chinali chimfine chabe chija. Tamuletsani muone."

Anandiletsadi. Ndinkaphika chigwada, kenako n'kuitana kamwana ka pakhomo lina kudzathira mchere. Posakhalitsa chifuwa cha amalume chinachepa, mpaka anayamba kupita kudimba. Agogo aang'ono analengeza kuchitsime kuti umboni wapezeka. Palibe anatchula kuti masiku omwewo amalume ankamwa mapiritsi a chifuwa ochokera kuchipatala. Ine ndinkadziwa, poti madzi omwera ndinkawapatsa ndine, koma palibe anandifunsa.

Mvula itayamba amalume anagwanso, mchere wa m'manja mwanga asanaulawe. Apo akuti ndimathira mobisa. Anzanga anasiya kudya nane, ndipo nanenso ndinayamba kuwaopa manja angawa.

Tsiku lina amalume anakwera minibasi pa Migowi kukayezetsa magazi. Atabwerako anaitanira agogo onse awiri pakhonde.

"Amayi, ndi kachilombo. Ndinakatenga kutauni. Mwanayu musiyeni."

"Makina a kuchipatala amalidziwa tsempho?" anatero agogo aang'ono. Agogo anangoyang'ana mapazi a mwana wawo.

Mankhwala otalikitsa moyo anali asanafike kwathu, ndipo amalume anamwalira nthawi yokolola. Pamaliro ndinaphika nandolo. Amayi a m'mudzi ankaulambalala mphika wanga n'kumakapakula kwina. Ndinakhala pambali pake, nandolo akuzizira.

Masana agogo anatuluka m'siwa, maso atatupa, nakhala pansi pakati pa amayi aja.

"Iwe, tapakula nandolo wakoyo. Ndili ndi njala ine."

Anadya pang'onopang'ono, aliyense akuona. Atamaliza anandipatsa mbale kuti ndiwonjezere.