Atelala Asokedwa Ali Maso

Atelala a pakhonde la sitolo ya nsalu asoka zaka makumi atatu, ndipo lamulo lawo ndi limodzi: chosayezedwa sichidulidwa. Munthu wongofuna batani amayezedwa khosi, mapewa, chiuno, n'kufunsidwanso ngati wadya kale. Akuti ngakhale pofunsira akazi awo, anayamba awayeza mkono.

Chibwano anathyola Lachiwiri m'mawa, akutsika masitepe atasenza mutu wa makina. Phazi litaterereka, panafunika kusankha choyamba kufika pansi, makina kapena nkhope. Anasankha nkhope. Makina sanakandike n'komwe.

Kuchipatala adokotala, mayi wamfupi wa magalasi, anaunika chithunzi cha mafupa.

"Nsagwada yathyoka kumanzere, bambo. Tiilumikiza ndi kachitsulo lero lomwe, ikachedwa ipola chokhota. Koma ndi mphumu yanuyi sitikugonetsani. Tibaya jakisoni kuti chibwano chokha chichite dzanzi. Inu mukhala muli maso."

Atelala anabuula china chake chosamveka.

"Akufunsa ngati inunso mukhale muli maso," anatero akazi awo, omwe amamasulira mmene afunira.

"Mukamva ululu mukweze dzanja," adokotala anapitiriza. "Dzanzi likakana tisiya, mukadikira masabata awiri kuchipatala chachikulu."

M'chipinda cha opaleshoni anawaphimba kumaso ndi nsalu yobiriwira, ya mpendero wokhota moti anachita kutsinzina ndi manyazi. Jakisoni atalowa, chibwano chinatsanzika n'kupita kukacheza kwa abale. Mlomo unasanduka wa munthu wina, wonenepa ngati pilo. Kenaka kanayamba kulira kachipangizo kobowolera fupa, ngati makina osathira mafuta chibadwire. Atelala anasokonezeka: akubowola ndani, poti iwo sakumva kanthu? Ndipo ngati ndi iwo, bwanji palibe amene wawazunguliza tepi?

Dzanja m'mwamba. Zonse zinaima.

"Zikupweteka, bambo?"

Chala chinakana. Ntchito inayambanso, dzanja linakweranso. Kachitatu adokotala anaika zida pansi.

"Anesi, dzanzi silinagwire, bambowa akungolimba mtima. Titseke, tisiye."

Apo mtima wa Atelala unathawira kuphazi. Masabata awiri! Anaona kale nkhope yawo itapendama ngati kolala yosokedwa mumdima. Anayamba kulemba m'malere, mpaka anesi anawagwiritsa cholembera n'kuwachirikizira pepala. Analemba osaona, zilembo zikukwerana.

"Akuti, 'Simunayeze,'" anesi anawerenga.

"Sitinayeze chiyani?"

"Kaya. Pakhadi palembedwa kuti ndi atelala."

Kenaka adokotala anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedera.

"Ndiye dzanja lonseli silinali la ululu? Chabwino, akatswiri. Tepi yathu ndi mano anuwo. Wogona sangatiuze kanthu, koma inu muli maso. Lumani pang'onopang'ono, mutiuze ngati akukumana monga kale."

Atelala analuma, osadziwa kuti akuluma ndi kamwa la yani. Komabe mano akumtunda sanapite nawo kokacheza kuja, ndipo ananena zoona: kumanja kwagunda, kumanzere kukulendewera. Analembanso.

"Akuti, 'Kumanzere kwatsika. Masulani.'"

Adokotala anasuzumira m'kamwamo kwa nthawi, n'kuti, "Hmm." Anamasula kamsomali kamodzi, kusuntha fupa pang'ono ngati utali wa nsidze ya udzudzu, n'kumanganso.

"Lumaninso. Apa bwanji?"

Mano anakhalana bwinobwino, onse nthawi imodzi. Atelala analuma kachiwiri, poti kasitomala savomera msanga.

"Akuti, 'Zakwana. Sokani.'"

"Zikomo, abwana," anatero adokotala.

Ndiye anasoka. Atelala ankamva ulusi ukukokedwa kutali, ngati kuseri kwa khoma, ndipo ankawerenga. Singano inalowa kasanu ndi kawiri basi, pamalo poti iwo akanabaya makumi anayi n'kubwerezanso. Anafuna kukweza dzanja, koma anesi anali atalitsamira ndi thupi lonse.