Wantchito Watsopano wa Zaka Khumi

Tsiku limene anauzidwa kuti asabwerenso, Anatiyi anali atanyamula thireyi ya makapu. Dzinali anawapatsa ndi anzawo, poti kwa zaka khumi ndiwo ankaphika tiyi pakampani ina yakunja.

Kampaniyo inali ndi kachitidwe kake. Miyezi itatu ikakwana, Lachisanu ankawachotsa ntchito. Lolemba ankawalembanso, n'kuwapatsa moni ngati mlendo. Motero papepala Anatiyi sankakalamba pantchito.

Kenako lamulo linasintha. Makampani akunja nawonso anayenera kulembetsa ku penshoni ndi inshuwalansi aliyense wopitirira chaka, kuwerengera tsiku limene anayamba, ngakhale kontirakiti ikhale yoduladula. Bwana woona za antchito, munthu wosavula jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, anawaitanitsa.

"Mayi, kompyuta ikuti mwakhala nafe miyezi itatu basi. Lolemba musavutike n'kubwera."

"Bwana, nanga uja anakupatsani tiyi tsiku lomwe munadzafunsira ntchito anali ndani?"

"Kompyuta sinama, mayi."

Anatiyi sukulu anaisiyira panjira. Chingerezi cha m'makalata a ntchito sankachimva, n'chifukwa chake sanataye ngakhale imodzi. Ankati pepala losalimva sataya, lingadzakumange. Onse anali m'chitini cha mabisiketi kunsi kwa bedi.

Ku ofesi ya boma ya zantchito anapitako kasanu. Koyamba anawauza kuti abwere mawa. Mawalo, wosayina anali kumsonkhano wokambirana za misonkhano.

"Mlamu, inu n'kulimbana ndi kampani yakunja?" anaseka mlamu wawo. "Kagulitseni tomato."

Anatiyi anangokulunga chitini chawo m'nsalu, ulendo.

Ulendo wachisanu, mkulu woyendera makampani anayala makalatawo patebulo. Analipo makumi anayi, onse odindidwa bwinobwino. Khumi ndi awiri omalizawo anasayina ndi bwana yemwe uja, siginecha yake yamichira ngati kaiti.

Ataitanidwa kudzaona, bwanayo anavula jekete. Anthu anadabwa kuona kuti mkatimo munali munthu wamba.

Lero Anatiyi anabwerera pantchito, khadi la penshoni lili m'manja, zaka khumi zonse zinalembedwa. Alonda ndi osesa amadzazana kukhitchini ndi mapepala awo, kudzafunsa nzeru. Bwana uja kapu amatsuka yekha.

Inu amene mukuuzidwa kuti thukuta lanu silikuoneka pakompyuta, musagwe mphwayi. Akakubwezani kanayi, pitaninso kachisanu. Osataya mtima, abale, ndipo chitini chija osatayanso.