Chidulo cha Ziputu za Fodya

Kukhitchini ndinalowako ndili ndi imvi kale. Zaka zonse za ukamwini wanga kuno kufupi ndi kwa Santhe, kanyumba kaudzu kaja ndinkangokadziwa ngati kopala moto wa ndudu. Ntchito yanga inali fodya: nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha, kudinda mabelo. Za m'mphika zinali za akazi anga. Ine ndinkangosamba m'manja n'kuyamba kuweruza ndiwo, monga timachitira amuna opanda manyazi.

Ndiye tsiku lina mayi aja anagwa ndi sitiroko akuanika ufa. Anabwerako kuchipatala dzanja lamanja litafa, mwendo akuchita kuukoka. Lilime lokha ndi limene matendawo analisiya, ngakhale linkayenda pang'onopang'ono ngati ngolo yodzaza m'matope. Anamwino anatiuza zinthu ziwiri: mchere ausiye, ndipo asaonde. Mwana wathu wamkazi, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anawonjezera chachitatu pa foni.

"Ababa, ndibwera fodya akamatha m'chigafa. Ndikadzawapeza amayi ataonda, ndidzawatenga. Kuno kuli wowaphikira, chipatala chili pafupi."

Ndinamufunsa kuti angaonde bwanji ali ndi wophika wa ku hotela ngati ine. Anaseka, inenso ndinaseka, koma foni itaduka ndinakhalitsa pakhonde. Munthu amene mwakhala naye kuyambira nonse muli ndi mano athunthu, akapita kutauni pa msinkhu uwu kawirikawiri sabwerera ndi miyendo yake. Ndinafuna kuti akhale pano, basi.

Mphika wanga woyamba unali nkhwani. Ndinachokera kumunda kothyola fodya, ndinasamba m'manja ndi sopo monga munthu woti anafikako Sitandade 4, n'kusadzula masamba aja bwinobwino. Akazi anga analawa kamodzi n'kundiyang'ana.

"Bambo, mwandiphikira nkhwani kapena fodya wa chingambwe?"

Phula la fodya limamatirira m'zala, lakuda, ndipo sopo limamuseka. Chilichonse chimene ndinkagwira chinkawawa. Amene anandipulumutsa ndi mlamu wanga, mng'ono wawo wa akazi angawa, wamasiye wokhala tsidya la dambo. Mawondo ake nawonso anatha, ndiye ankabwera mwa apo ndi apo, kudzanditukwana ndi kundiphunzitsa.

"Amuna anga inu, manja amenewa mukupha nawo achemwali anga," anatero. "Tengani madeya, finyiranimo ndimu, mupukuse mpaka zala ziyere. Sopo musungire Lamulungu."

Zinayera ndithu. Kuyambira pamenepo ndinakhala mwana wasukulu wa mlamu wanga, ndipo zimene ndinaphunzira ndi zambiri kuposa zimene ndinatola kwa aphunzitsi. Nyemba zikapserera, usakande pansi; khuthulira mumphika wina, ponyamo khala lozima lotsuka, fungo lichoka. Nkhuku ikakhala nkhalamba inzako, ikulunge m'masamba a papaya kaye, ifewa. Matimati ukawakwirira m'phulusa louma amadikira mpaka uwakumbukire. Dzira ukalikayikira, liike m'madzi. Likayandama, ponyera galu. Poto umupake phulusa lonyowa kunja usanamutereke, mwaye sugwira. Ine amene ndinkati akazi kukhitchini amangochezako, ndinkaweramira pansi ndikumva zonsezi, utsi uli m'maso, msana ukulira.

Koma nzeru zonsezo sizinabweze mchere. Ndinayesa ndimu, ndinayesa bwemba, ndinasinja nsinjiro mpaka mapewa kuuma. Akazi anga ankatema mbamu ziwiri, yachitatu n'kuibweza m'mbale. Ndinapalasa njinga kupita pamsika wa kwa Santhe kukasaka zachilendo. Matondo, mbozi zodyedwa zija, ndinawapeza, koma ogulitsa anali atawaumitsa ndi mchere wochita kuyera, ndiye ndinadya ndekha panjira, Mulungu andikhululukire. Ndinagula nkhunguni, tizilombo tonunkha tija timene umayamba watisambitsa m'madzi ofunda kuti titaye fungo. Ine ndinafulumira kukazinga, nyumba yonse inanunkha mpaka nkhuku zinakana kulowa. Ndinakazinga soya, n'kusinja, n'kuwapangira chakumwa chimene anthu amati khofi. Anamwa theka la kapu n'kunena kuti madzi otsukira chiwaya ali ndi ulemu. Phala la malambe anati likufanana ndi njereza yopaka tchalitchi.

Ndinkaseka nawo, poti pakamwa panga sipanazolowere kugonja. Koma chitenje chawo ndinkawamanga ndine m'mawa uliwonse, ndipo ndinkaona kuti nsonga yopisira ikunka nitalika.

Tsiku lina masana, ndikusankha fodya pakhonde, akazi anga anayankhula okha osafunsidwa.

"Therere la chewe. La chidulo, osati soda wa m'sitolo. Limenelo mwina ndingadye."

Aka kanali koyamba kuti atchule chakudya ndi pakamwa pawo chidwalireni. Chidulo ndinali nditachiona chikupangidwa kuyambira ndili mwana: chitini chobowola pansi, kaudzu, phulusa, madzi pamwamba, n'kumadontha m'mbale. Chimafewetsa ndiwo, ndipo chili ndi kakomedwe kena koyandikira mchere. Phulusa lake limakhala la zitsononkho kapena makoko a nyemba. Koma inali nthawi ya mvula, chimanga chidakali m'munda, zitsononkho za chaka chatha tinasonkhezera moto kalekale. Mlamu wanga anali atapita kumaliro ku Nkhamenya. Ndinazungulira nyumba, ndipo kuseri kwa chigafa ndinapeza mulu wa ziputu za fodya zimene ndinazula chaka chatha.

Ndinaganiza ngati mlimi. Fodya ameneyu watiphunzitsira mwana, watifolerera nyumba ndi malata, angalephere therere? Ndiponso phulusa ndi phulusa. Ndinaziyatsa ziputu zija. Zinali zonyowerera, zinangofuka, zina kupsa, zina kungoda kunja, koma ine ndinali ndi changu. Ndinaphwanya zonse pamodzi n'kuthira m'chitini. Madzi amene anadontha anali ofiira ngati tiyi wa pamaliro. Ndinati kufiira kumeneko ndiye mphamvu yake.

Chewe uja atangolowa mumphika anasungunuka n'kuda bii, poto m'kati n'kutuwa ngati bulu. Kulawa sindinalawe, chifukwa lilime la munthu wosuta limanama, ndipo ndinkaopa kuti lingandiuze zoona. Ndinapakula, ndinakhala pambali pawo, ndinawatemera. Anameza mbamu zitatu, ndikuganiza chifukwa chondimvera chisoni. Kenako anaika dzanja lamoyo lija pachifuwa.

"Phulusa lake munalitenga kuti?"

Ndinawauza. Anatseka maso.

"Zaka zonsezi ndakana kusuta, ndakana kununkhiza wamphuno. Lero mwandidyetsa ndi nsima."

Anasanza masana onse, thukuta lili kamukamu, mutu ukuzungulira. Masiku awiri otsatira ankangomwa madzi ndi kaphala kamadzimadzi. Mlamu wanga atabwerako sananditukwane n'komwe. Anangotenga chitini chija n'kukachiponya m'dzenje, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa chitonzo.

Mwana uja anaimba kuti afika Loweruka. Apa ndiye tinapangana chinyengo, ndipo wochiyambitsa ndinali ine. Mlamu wanga aphike nkhuku kwawo, aibweretse m'ndowa yovindikira ndi chitenje, ine ndiitereke pamoto pathu ndi kumaitakasa galimoto ikamalowa. Akazi anga tinawaveka malaya awiri ndi juzi. Iwo anavomera zonse, anati, "Bola ndisakakhale m'nyumba ya chimbudzi cham'kati."

Galimoto inafika, ine ndili pamafuwa ndi chipande m'manja, nkhope ya munthu wodziwa ntchito. Tinadya. Akazi anga anamenya nkhondo ndi mbale ija mpaka anamaliza ntchafu yonse, ndinkaona khosi likuvutika kumeza. Mwana uja anadya, kenako anati:

"Ababa, mwaphika bwino. Mpaka anyezi mwadula mozungulira ngati amayi aang'ono."

"Ndi mphunzitsi wanga ameneyo," ndinatero.

"Ndi ndowa yawonso ili kuseri kwa chitseko."

Sanakalipe. Anatereka madzi n'kupita nawo mayi ake kubafa kukawasambitsa. Kumeneko kunalibe juzi loti libise kanthu. Anakhalako nthawi yaitali. Atatuluka anandipeza m'chigafa ndikunamizira kuyang'ana fodya, anaima pafupi nane, maso ali ofiira.

"Ababa, ndiuzeni inuyo. Mukwanitsa?"

Ndinali ndi nthabwala zingapo zokonzeratu, koma palibe inatuluka. Ndinamuuza za mbamu ziwiri zija, za nkhunguni, za ziputu. Ndinamuuza kuti ndatopa, kuti ndikaweramira pamoto ndimadzuka mogwira khoma, ndipo kuti ngakhale nditaphika bwanji mayi ake akutha ndikuona. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Ndiye anati akupita kukawalongedzera mayi ake zovala.

M'mawa mwake ndinawanyamula ndekha kuwakweza m'galimoto, ndinakana kuti wina andithandize. Anali opepuka ngati mtolo wa fodya wouma. Atakhazikika anandikodola kuti ndiweramire pawindo. Ndinayesa anena mawu akuluakulu oti ndizikawakumbukira.

"Mbatata zili m'nkhuti muziyamba za kumanzere, zinayamba kumera. Ndipo bulangete muzilianika."

Ndinati ndamva, mayi.

Tsopano ndimaphika kamodzi patsiku, nthawi zina ndimangowotcha chinangwa n'kumwera madzi. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi mwana uja amaimba, n'kuwapatsa foni mayi ake. Amandifunsa chimene ndadya, ine ndimatchula nkhuku, nyama yambuzi, tsiku lina ndinati chambo. Iwo amati bodza, ine ndimati bwerani mudzaone mafupa. Akuti kumeneko akudya mpunga ndi mkaka wowawasa wa m'timabotolo, ndipo masaya ayamba kubwerera. Za tsiku lobwera kuno sanenapo, ndipo ine sindifunsa.