Mkuyu wa M'munsi mwa Damu

Bambo anga ankayang'anira damu la dothi pa purazi ina, famu yaikulu, ku Muzvezve, cha ku Kadoma. Kumunsi kwake kunali komboni yathu, ife amene makolo athu anachokera ku Malawi. Mvula ikakula, khoma la damulo ndilo linkatitchinjiriza ku madzi osefukira.

M'mawa uliwonse ankayenda pakhomapo, khasu paphewa, kusakasaka chiswe, mauna a mbewa ndi malo onyowa. Madzi otuluka m'khomamo akakhala oyera sankawaopa. Akakhala amatope, ankati khoma likudyeka m'kati. Kamtengo kalikonse ankakazula kasanafike m'mawondo, ati mizu imatsegulira madzi njira. Ngakhale gwafa wanga, abale inu, anazula ine ndikulira!

Koma mkuyu umodzi m'munsi mwa khoma ankangoulambalala, ndipo zinkandipsetsa mtima. Chifukwa chake ndinachidziwa nditakula. Ine ndisanabadwe, amayi anabereka mwana wakufa kale. Mwana wotere amaikidwa ndi akazi okhaokha, pa dothi lonyowa, popanda kulira maliro, ndipo mwamuna sapondapo. Amayi anabzalapo mkuyu kuti asadzaiwale malowo.

Chaka china cha mvula yambiri, madzi otuluka pamizu ya mkuyuwo anafiira. Bambo anabwera kunyumba, sadza, nsima yathu ya kuno, osaikhudza.

"Mayi, mtengo uja..." anatero, osamaliza.

Amayi anayang'ana panja, pomwe ana a m'komboni ankasewera m'matope. Kenako anatembenukira kwa bambo.

"Ndamva, bambo. Koma inu musapondepo."

Nkhwangwa yodulira mkuyuwo amayi ananyamula okha. Anzawo anawatsatira ndi makasu ndi misi yosinjira chimanga. Bambo anaima patali, pamwamba pa khoma, n'kumakuwa zoti achite: kumbani muzu wonse, thirani dothi la makande, sinjani mpaka lilimbe. Madzi aja anayera. Udzu unamera, khoma lonse n'kufanana.

Ine lero ndimakhala ku Chegutu, ndipo ndikamva mvula padenga ndimakumbukira kuti tinapulumuka chifukwa cha mkono wa amayi. Zimandipwetekabe.

Chaka chatha, bambo atatisiya, amayi anandipempha kuti ndiwaperekeze kudamuko. Ndinawafunsa kuti mkuyu uja unali pati. Anayenda, n'kuima, n'kubwerera.

"Apa... ayi, kapena apo."

Kenako anandigwira dzanja.

"Mwanangu, ndamutaya kachiwiri."