Sola Imene Inapondedwa ndi Ng'ombe

Chaka chimene a banki anabwera ku ofesi kwathu ku esiteti ya nzimbe kudzatipatsa makhadi ogulira katundu n'kumabweza pang'onopang'ono, chinthu choyamba chimene ndinagula chinali sola ya amayi anga. Amayi amakhala okha kwa Malemia, ndipo foni yawo inkatha masiku ili yozima chifukwa kotchajitsa n'kutali. Mayi wa ku banki anandifotokozera zambiri, koma chimene ndinatolapo n'chakuti katundu wogula ndi khadilo akabedwa kapena kuwonongeka mwangozi akadali watsopano, amabweza. Mumtima ndinangoti ndi zokopera anthu basi.

Amayi anailandira solayo ngati mlendo. Padenga anakana, ati akuba a masiku ano amakwera. Ndiye m'mawa ankaiyala pabwalo ngati akuyanika mapira, masana n'kuisuntha kutsata dzuwa, madzulo n'kuilowetsa kunsi kwa bedi. Kwa milungu itatu tinkalankhulana tsiku ndi tsiku. Kenako foni inazima.

Nditawapeza pa foni ya aneba, anandiuza kuti dzuwa lachepa. Ku Nsanje, mwezi wa Okutobala, nthawi imene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa! Loweruka ndinakwera minibasi mpaka pa boma, n'kumalizira ndi kabaza.

Nditafika, amayi anandifunsa za ana, za bambo awo, za msewu, koma osandiyang'ana kumaso. Nditatchula sola, analowa m'nyumba n'kuitulutsa atayikulunga ndi chitenje chawo cha kutchalitchi. Galasi lonse linali ming'alu yokhayokha, pakati pali poboweka pomwe panaponda chiboda. Inali ng'ombe yawo yomwe, ikuchokera kokamwa madzi.

"Mwananga, ndachita manyazi," anatero. "Chinthu chako chodula ndachisunga ngati wopanda nzeru. Mbuzi yaikazi ija ndaitanira kale wogula, ndikubwezere. Koma usadzandigulirenso kanthu. Ayi, nkhabe."

Apa mtima unandipweteka. Za sola sindinadandaule kwenikweni. Amayi ndimawadziwa: akati sadzalandiranso kanthu kuchokera kwa ine, ndiye kuti zatha, ngakhale sopo adzandibwezera pakhomo.

Ndinafunsa za lisiti. Linalipo, m'kapulasitiki kamene amasungamo buku lawo la kuchipatala, chifukwa kwa iwo pepala lodindidwa silitayidwa. Ndinajambula solayo ndi foni, n'kuwapempha kuti wogula mbuzi uja ayambe wadikira.

Lolemba ndinali ku banki. Pafomu panali pofunsa m'mene ngoziyo inachitikira. Ndinayesedwa kuti ndikometse, ndilembe kuti inagwa ndi mphepo, koma ndinalemba zoona zake: inapondedwa ndi ng'ombe. Mayi wa ku banki uja anaseka mpaka misozi, n'kundiuza kuti kwawo ndi kwa Kasisi, za ng'ombe palibe chomuuza. Sizinathe tsiku lomwelo ayi. Anafuna chithunzi china chooneka bwino, kenako kalata ya aneba amene anaona zikuchitika. Ndinafika potopa nazo, koma tsiku lina uthenga unalowa woti avomera.

Nditafika ndi sola yatsopano, amayi anaima pakhomo manja ali kumbuyo. Ndinawafotokozera katatu konse kuti sindinatulutse kalikonse, kuti pangano linalipo kale tsiku logula lija. Anandifunsa kuti anthu amenewo ndi abale ake a yani kuti azilipira mlandu wa ng'ombe ya eni. Ndinawapatsa kalata ya ku banki. Amayi sawerenga, koma anaigwira nthawi yaitali, akuitembenuza uku ndi uku.

"Ungalumbire kuti si za m'thumba mwako?"

"Ndikulumbira, amayi."

Anapinda kalatayo bwinobwino, n'kutambasula manja onse awiri kulandira sola. "Takhuta," anatero motsitsa mawu, kuthokoza m'Chisena chakwathu. Ine ndinayang'ana kumbali kuti asaone kuti maso anga alengeza misozi. Tsiku lomwelo analola kuti mwamuna wa aneba aikhomere padenga, iwo ali pansi kumulangiza pokhoma.

M'mawa mwake, ndikutsanzika, anazungulira kuseri n'kubwera ndi tambala wamkulu atamumanga miyendo ndi luzi.

"Ukawapatse a ku bankiwo," anatero. "Ukawauze kuti ng'ombe ija ndaikalipira."

Ndinayesa kuwauza kuti ku banki salandira nkhuku, koma anali atandikoleka kale m'manja. Ndinakwera naye minibasi ali pamiyendo panga, akundijompha dilesi njira yonse, ine mtima uli m'malo.